Maso a Nkhono m'Nkhalango ya Dzalanyama

Mvula yoyamba ikagwa, nkhono zimatuluka. Chilimwe chonse zimakhala zitakwiririka m'dothi ndi m'zinyalala, pakhomo pa chigoba zitamata, kudikira chinyontho. Mwana akaitola imodzi, imalowa yonse m'kati n'kungomusiyira thovu m'manja. Akaigogoda ndi kamtengo ndiye waitsekeratu. Koma akaiika pansi, iye n'kukhala phee, pakapita kanthawi kamutu kamasuzumira, tinyanga tinayi n'kutambasuka pang'onopang'ono, ndipo kunsonga kwa tiwiri tatitalito kumaoneka timadontho takuda. Maso ake ndi amenewo. Akuluakulu akale anazionera okha zimenezi, n'chifukwa chake anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mwambiwu umamveka kwambiri pabwalo la milandu ndi pakati pa ankhoswe, pouza munthu wa phuma kuti ayambe wamva mbali zonse. Koma pali kagulu ka anthu komwe kamautsatira ndi miyendo, Loweruka m'mamawa, m'tchire. Awa ndi anthu oyenda kukaona mbalame. Satenga legeni kapena ulimbo, satchera msampha. Amangokaona basi. Kumudzi nkhani yotere imaseketsa: munthu wamkulu ndi ndevu zake kudzuka tambala woyamba, kuthira mafuta odulawa m'galimoto, kukaima pansi pa mtengo maso ali m'mwamba, madzulo n'kubwerako chimanjamanja, wopanda ngakhale kampheta kamodzi ka ndiwo?

Oseka aseke, koma choona chilipo. Dziko la Malawi ndi laling'ono, komabe muli mitundu ya mbalame pafupifupi 650, monga anaiwerengera Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett m'buku lawo la mu 2006. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, lomwe linayamba mu 1947, lakhala likukonza maulendo otere kudzera m'nthambi zake, ndipo lili ndi makalabu a zachilengedwe m'sukulu zambiri. Kwa anthu a ku Lilongwe, malo odziwika ndi Dzalanyama, nkhalango ya boma yomwe ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 60 kum'mwera chakumadzulo kwa mzindawu, kumalire ndi Mozambique. Inakhazikitsidwa mu 1922, ndipo kukula kwake ndi mahekitala pafupifupi 99,000, ambiri mwa iwo a mitengo ya miombo: mombo, tsamba, mchenga, ndi misuku m'malo a miyala.

Kumapeto kwa Novembala ndi kumayambiriro kwa Disembala ndi pamene tchire limakoma. Chizimalupsa chinadutsa kale, pomwe panali phulusa pamera msipu, masuku akugwa okha, amayi ayamba kutuluka ndi madengu a bowa. Gulu limatsika galimoto dzuwa lisanakwere. Pamakhala aphunzitsi ndi ana a kalabu yawo, wa mu ofesi amene wabwera kudzawongola miyendo, mzungu wa chipewa chachikulu ndi kamera yotalika mkono, komanso mayi wina amene wangoperekeza mnzake. Magalasi oonera patali amakhala ochepa, amachita kubwerekana. Wotsogolera amapereka malamulo ochepa: mafoni akhale chete, kulankhula kukhale kwa pansipansi, wina asathamangire kutsogolo, ndipo poloza asatambasule mkono wonse.

Malamulowo sachedwa kusweka. Anthu akakhala pagulu amafuna kucheza, ndipo posakhalitsa kumbuyoku kwabuka nkhani ya mtengo wa feteleza, kenako ya mpira wa Bullets ndi Wanderers. Tsono tchire la miombo nalonso limayesa mtima. Munthu angathe kuyenda ola lathunthu osaona kanthu. Nyenje zokha zikugonthetsa m'khutu, njiwa ikulira patali, ndi pumbwa mmodzi yemwe aliyense amamuona kale pa mpapaya wa kunyumba kwake. Apa ndi pomwe wa phuma amayang'ana wotchi n'kufunsa kuti, "Achimwene, mbalame zanu zija zili kuti kodi?"

Zimakhala zilipo, koma osati ponseponse. Mbalame zambiri zazing'ono za m'miombo zimayenda pamodzi pofuna chakudya, mitundu 10, nthawi zina mpaka 20, m'gulu limodzi losuntha pang'onopang'ono. Kumene gululo kulibe kumakhala zii. Likafika, mtengo uliwonse umapeza mwini. Zimagwira ntchito ngati anthu a pa dima, aliyense ndi mzere wake: tina tikusanthula masamba a kunsonga, tina tazondoka kunsi kwa nthambi, gogomole akugogoda thunthu, kambalame ka mawangamawanga kosasiyana ndi khungwa kakukwera mtengo kuyambira pansi, kakafika pamwamba n'kuulukira patsinde pa wina. Kachilombo kothawa uyu kamakagwera m'kamwa mwa uyo. Ndipo maso akachuluka, mphamba amaonekera patali. Magulu amenewa amakula kwambiri m'miyezi yozizira. Mu Seputembala ndi Okutobala mbalame zambiri zimapatukana kukamanga zisa, kenako mvula ikayamba zimasonkhananso, ana ongophunzira kuuluka akulirira chakudya pambuyo.

Amene amaulula kuti gulu lafika nthawi zambiri ndi nthengu. Wakuda bii, mchira wa mphanda, maso ofiira, amakhala pa nthambi yoonekera kudikira tizilombo tomwe anzake atidzutsa. Ndi mlonda wabwino, ndipo aliyense wokulira kumudzi anamuonapo akuthamangitsa mphamba womuposa msinkhu kutalitali. Koma mlondayu ali ndi kamkhalidwe kena. Ku chipululu cha Kalahari, Tom Flower ndi anzake anatsatira anthengu kwa zaka zingapo, ndipo mu 2014 anafalitsa zomwe anapeza: nthengu akaona mnzake wagwira chakudya chonona, amakuwa mfuu yabodza yoti kwabwera mdani, mwini chakudya n'kuthawa, iye n'kutola. Akaona kuti bodzalo layamba kudziwika, amasintha mawu n'kutsanzira mfuu ya mtundu wina. Anzakewo amamukhulupirirabe, chifukwa tsiku lomwe akunena zoona wonyalanyaza amadyedwa.

Gulu la mbalame likakumana ndi gulu la anthu, ndiye pamakhala chipwirikiti. Zonse zimachitika m'mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, kenako mbalamezo zapita.

"Iyo apo!"

"Kuti?"

"Mumtengomo!"

M'nkhalango ya mahekitala 99,000, kuuza mnzako kuti mbalame ili mumtengo n'kusamuuza kanthu. Wozolowera amayambira pa chinthu chomwe aliyense akuchiona: "Mwauona mtengo wopendekekawo, mayi? Kwerani nawo mpaka pa mphanda yachiwiri. Tsatani nthambi ya kumanzere. Pomwe pathera masamba, dikirani pomwepo, isuntha." Apa mwambi wa nkhono umakula kuposa momwe wa phuma ankauganizira. Woyenda yekha amadikira mbalame yokha. Wa pagulu amadikira mbalame, amadikiranso mnzake amene magalasi akumuvuta, mwana amene nthambi ikumutchinga chifukwa cha kufupika, ndi agogo amene atsalira pa chitunda. Kudikira kwachiwiriku n'kumene kumavuta, chifukwa amene waona kale mtima wake umakhala uli pa mbalame ina ya kutsogolo. Otsogolera abwino amakhala ndi lamulo losalembedwa loti gulu silisuntha mpaka womaliza ataona, kapena mbalameyo itauluka yokha.

Phindu lake limaoneka pankhope ya mayi woperekeza uja. Pali mbalame ina yomwe imachuluka m'miombo nyengo ino, imene mabuku amaitcha violet-backed starling. Ndi maso chabe, yaimuna imangooneka kambalame kakuda ka mimba yoyera, kosayenera kuimikira ulendo. Mayiyo amalimbana ndi magalasi, akuona masamba okhaokha, kenako thambo, kenako chipewa cha mzungu. Mwadzidzidzi kambalameko kadzaza m'maso mwake. Msana suli wakuda konse. Ndi wa papo wonyezimira, ndipo kakatembenuka pang'ono dzuwa n'kukamenya mbali ina, mtunduwo umapita kofiira, n'kubwereranso. Diso lili ndi mkombero wachikasu. Pafupi pake pali yaikazi, yotuwa, ya mizeremizere pachifuwa, yoti munthu sangaganize kuti ndi banja limodzi. Mayiyo amangoti, "Mayo ine, kodi ndi chonchi?" Kuyambira pamenepo magalasi aja kuwabweza kumavuta.

Kawirikawiri woyamba kuzindikira mbalame si mwini kamera yaikulu. Ndi mnyamata wokulira m'midzi ya m'mphepete mwa nkhalango, amene amaima mwadzidzidzi, kupendeketsa mutu, n'kutchula dzina la mbalame yomwe wina aliyense sanaione. Amaona ndi makutu. Sukulu yake inali legeni ndi ulimbo, kubusa mbuzi, ndi kuingitsa mpheta m'munda wa mapira. Ena a m'tauni amachita manyazi ndi mbiri imeneyi, koma n'kulakwa. Mwana amene anakhalapo m'mawa wonse kuseri kwa chitsamba kudikira kuti njiwa itere pa ulimbo anaphunzira kudekha kuposa wowerenga mabuku khumi. Amadziwa mtengo womwe ukubereka mwezi uno, chithaphwi chomwe chimauma mochedwa, ndi kulira komwe kumatanthauza njoka. Chasintha n'chakuti mbalame yamoyo yayamba kumupatsa ndalama ya kuperekeza alendo. Paja amati mbalame ikatera pa uta siilasika.

Alendo ochokera ku Ulaya ndi ku South Africa amabwera ndi mndandanda wa zomwe akufuna. Pamwamba pake pamakhala gogomole wa Stierling, amene dziko lonse lapansi amapezeka kum'mwera kwa Tanzania, kumpoto kwa Mozambique, ndi m'madera ochepa a Malawi ndi oyandikana nawo. Kumusiyanitsa ndi agogomole ena kumafuna kuyang'anitsitsa msana, womwe kwa iye ndi wopanda madontho kapena mizere. Palinso mbalame yakuda ya m'matanthwe yotchedwa boulder chat, yomwe kwawo kwenikweni ndi ku Zimbabwe koma imafika mpaka m'miyala ya Dzalanyama. Ndiye pali tchete wa mutu wobiriwira motuwa, wosiyana ndi atchete a m'bango omwe amaluka zisa ndi udzu. Uyu amamanga chisa chake pamwamba penipeni, ndi ndere zotuwa zolendewera m'nthambi za mitengo ikuluikulu yakale.

Mndandanda ndi umene umabala phuma la mtundu watsopano. Masiku ano pa foni pamakhala mawu a mbalame ojambulidwa kale, ndipo wosafuna kudikira amangowaliza. Mbalame yaimuna, pomva ngati mnzake walowerera dera lake, imasiya zonse n'kubwera yolusa, nthenga zili nyankhalala. Chithunzi chimajambulika bwino ndithu. Koma nyengo ino ndi ya zisa ndi ana, ndipo mphindi zomwe mbalameyo yatha kufunafuna mdani yemwe kulibe ndi mphindi zomwe ana ake akhala osadya, chisa chosalondera. Wina anganene kuti ndi kambalame kamodzi chabe. Timba sachepa ndi mazira ake. Kuliza kamodzi mwachidule ena amakulekerera, koma kuliza mobwerezabwereza pamalo amodzi, gulu ili likachoka kubwere lina, n'chimodzimodzi kugogoda chigoba ndi kamtengo.

Ngakhale phazi limafuna kudekha. Lumbe samanga chisa. Wamkazi amaikira mazira ake pansi, pakati pa masamba ouma, n'kukhalapo osagwedezeka, mtundu wake wosasiyana ndi zinyalala, mpaka munthu atatsala pang'ono kumuponda. Wamwamuna wa mtundu wina wa lumbe nyengo yoswana amamera nthenga ziwiri zazitali zoyera, imodzi phiko lililonse, zomwe zimakupiza pambuyo pake akamauluka chisisira. Akatha kuswa, mbalamezi zimawoloka kupita kumpoto kwa equator. Gulu loyenda mobalalika limaponda zambiri zomwe silinazione, n'chifukwa chake m'nyengo ino amayenda mondondozana m'kanjira.

Tsiku likakhala la mwayi, mvula ya masana imagwa n'kukata, dzuwa n'kutulukanso, ngumbi n'kuyamba kufuka pa chulu. Pamenepo sipafunikanso kusaka. Mbalame zomwe tsiku lonse zimabisala zimabwera zokha, zodya mbewu ndi zodya nyama zomwe, ndipo m'mwamba mumadzaza alendo. Anamzeze ena ndi a konkuno, amamanga zisa zadothi m'makonde. Koma ambiri mwa omwe amandanda pa mawaya a magetsi mu Disembala anaswedwa ku Ulaya ndi ku Asia, ndipo kuno sadzaikirako dzira. Namzeze wotere amalemera magalamu pafupifupi 20, koma wadutsa chipululu kuti adzadye tizilombo ta dzinja la kuno. Kamphamba ka ku Amur kamachokera kum'mawa kwa Siberia ndi kumpoto kwa China, kupumira ku India, kenako kuwoloka nyanja ya mchere makilomita pafupifupi 3,000 osatera, n'kufika kuno nthawi ya ngumbi yeniyeni. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo awa pofika Epulo amakhala atapita.

Azungu nawonso zinawatengera nthawi kuti adziwe komwe mbalame zawo zimapita. Kwa zaka mazana ambiri ena ankakhulupirira kuti anamzeze amagona m'matope pansi pa maiwe nyengo yozizira. Mu 1822, pafupi ndi Klütz ku Germany, munthu anawombera dokowe yemwe anali ndi mkondo wa ku Africa utamupyoza pakhosi. Mlenje wina wa kuno ku Africa anamulasa, dokoweyo n'kuuluka nawo mkondowo mpaka kwawo. Mpaka lero amasungidwa pa yunivesite ya Rostock, mkondo uli pakhosi pomwepo.

Funso loti n'chifukwa chiyani mbalame zimathawa munthu lili ndi yankho lakale m'mapiri omwewa. Achewa amati ku Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, ndi komwe Chauta anatsikira ndi mvula, pamodzi ndi mwamuna ndi mkazi oyamba ndi nyama zonse. Thanthwe linali likadali lofewa, ndipo mapazi awo anadindika pamenepo. Onse ankakhala mwamtendere mpaka tsiku lomwe munthu anapeka moto ndi timitengo tiwiri. Tchire linayaka, galu ndi mbuzi anathawira kwa munthu, nyama zina zonse zinathawira kutali zili ndi mkwiyo, ndipo Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Potengera nthano imeneyi, gulu loyenda monyang'ama ndi magalasi m'manja likulipira mlandu wakale. Mbalame zili ndi chifukwa chokayikira cholengedwa cha miyendo iwiri.

Pali imodzi yokha yomwe imachita zosiyana. Nsadzu sathawa munthu, amamufunafuna, ndipo chomwe amamufunira ndi moto womwewo. Amafika pafupi, kulira mosalekeza, kuuluka pang'ono nthenga zoyera za kumchira zikuonekera, kutera, kudikira, mpaka atamufikitsa munthu pa mtengo wa njuchi. Munthu amafukiza utsi, kutema ndi nkhwangwa, kutenga uchi, mbalame n'kudya phula ndi ana a njuchi otsala. Ofula njuchi amati ukam'mana gawo lake, ulendo wina adzakulondolera kwa njoka. Ku nkhalango ya Niassa, kumpoto kwa Mozambique, Claire Spottiswoode ndi anzake anayenda ndi Ayao ofula uchi, omwe ali ndi kaitanidwe kawo ka mbalameyi, konjenjemeretsa milomo n'kumaliza ndi kudzuma. Zotsatira zake, zomwe zinatuluka mu 2016, zinaonetsa kuti kaitanidweko kankakweza mwayi wotsogoleredwa ndi nsadzu kuchoka pa 33 kufika pa 66 pa 100 alionse, ndipo mwayi wopeza njuchi kuchoka pa 17 kufika pa 54. Apa wodekha ndi mbalame: imadikira munthu wolemedwa ndi nkhwangwa kuti aipeze. Munthu asamutame kwambiri nsadzuyo, komabe. Amaikira mazira m'zisa za eni, ndipo mwana wake amaswedwa ndi mlomo wa ngowe wophera ana a mwini chisa.

Moto wa ku Kaphirintiwa sunazime. Gulu likamapita ku Dzalanyama m'bandakucha limakumana ndi njinga zondondozana, iliyonse itasenza matumba a makala otalika kuposa mwini wake, zikulowera ku Lilongwe. M'kati mwa nkhalango muli malo omwe munthu amatulukira mwadzidzidzi pa zitsa zokhazokha ndi mabala akuda a mauvuni. Zinafika poti mu 2015 boma linatumizako asilikali kukalondera. Nkhawa yaikulu inali ya madzi, chifukwa mtsinje wa Lilongwe, womwe umadzaza madamu a Kamuzu omwe mzinda umamwa, umachokera m'mapiri amenewa. Kunyoza wokankha njinga n'kosavuta, koma iye amapita komwe kuli wogula. Mabanja oposa 90 pa 100 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo ambiri mwa oyenda ndi magalasi aja, magetsi akazima madzulo, nsima yawo imapsa pa mbaula. Miombo imaphukira ikadulidwa, zimenezo n'zoona, ndipo pumbwa ndi nthengu adzakhalamo m'ziphukirazo. Koma tchete wa ndere uja safuna ziphukira. Amafuna mitengo yomwe yaima zaka makumi ambiri, ndipo ndi yomweyo imene wootcha makala amayamba kuiloza.

N'chifukwa chake ana a kalabu aja ndi amene ayenera kupatsidwa magalasi poyamba, ngakhale awagwire mozondotsa. Wofuna kuyamba sayenera kudikira kugula zida. Afunse ku nthambi ya bungwe la zachilengedwe ya m'dera lake za ulendo wotsatira, avale zovala zosawala ndi nsapato zolimba, atenge madzi ndi kope lolembamo, ndipo akafika apeze woperekeza wa komweko n'kumulipira moyenera. Asachedwe nazo, chifukwa mvula ikakhazikika mu Januwale msewu wa ku Dzalanyama umaterera, ndipo galimoto yaing'ono imavutika kufika.